Nkhoswe Yobwereka

Gray analakwitsa chinthu chimodzi, ndipo anachilakwitsa ndi mtima woyera. Anapempha abwana ake kuti akhale nkhoswe yake.

Nanga akanatani? Amalume ake enieni ali ku Ntcheu, ndipo ku ofesi ya kazembe anawamana viza. Ku South Bend kuno ku America wachibale timachita kubwereka ngati mipando ya pa ukwati. Munthu wamkulu amene Gray ankamudziwa bwino anali mmodzi yekha, a Hamilton, eni nyumba zosamaliramo okalamba ndi olumala. Ndiwo anakamutenga ku bwalo la ndege chaka chimene anafika, n'kumupatsa jekete, matiresi ndi ntchito. Kuchokera pamenepo Gray ankagwira shifiti iliyonse imene anzake aikana. Ku tchalitchi a Hamilton ankamuloza n'kumati, “Uyu ndi mwana wanga.” Anthu ankaomba m'manja. Palibe ankafunsa kuti ndi mwana wanji amene Khirisimasi iliyonse imamupeza akusintha zofunda za eni.

Choncho Gray atapalana chibwenzi ndi Atupele, namwino wa ku Indianapolis, nkhani n'kufika pa banja, a Hamilton anavala suti n'kupita ku Lawrence, m'mbali mwa Indianapolis momwemo, kukagogoda kwa a Sosten, amalume ake a mtsikanayo. A Sosten anayankha monga mwa mwambo. “Tamva. Tiyambe tawauza eni mwana ku Zomba. Mudzabwere Loweruka lomaliza la mwezi uno mudzamve yankho.” Aliyense ankadziwa kuti yankholo ndi lovomera. Kudikirako kunali kongolemekeza pakhomo.

Atamva uthengawo Gray anathokoza, n'kukhala pa bedi kudikira chimwemwe. Sichinabwere. Zaka za kugona motsinzina diso limodzi pa sofa za odwala zinamusiya ngati mkono woti waugonera. Uli pomwepo, ukuuona, koma ukautsina sumva kanthu. Ankadziwa kuti iye amakonda Atupele, koma ankazidziwa monga mmene munthu amadziwira nambala yake ya foni.

* * *

Lamlungu Gray ndi Atupele anakumana ku Speedway, dera lina la ku Indianapolis, kuseri kwa galaja ya mnzake wa Gray, pamene panaima vani yoyera yofunditsidwa lona. Vaniyo inali ya Gray. Anaigula chaka chatha, ya makwerero olowetsera njinga za olumala, n'kulembetsa kampani yonyamula odwala, n'kudula inshuwalansi. Atamaliza zonsezo mtima unamuthawa, ndiye anaibisa kuno kuti a Hamilton asaione.

Anakhala m'vanimo awiri, injini ikulira, matayala ali chiimire. Panja chipale chofewa chimene chinada ndi utsi chinali kusungunuka m'mbali mwa mpanda.

“Galimoto iyi ikuola, Gray,” anatero Atupele.

“Siikuola. Ndimailiza ndikabwera.”

“Kuiliza! Unagula vani kapena wailesi?”

Gray anaseka pang'ono, poona kuti pamenepa pakufunika kuseka.

“Tamvera,” anapitiriza Atupele. “Kampani imene imanyamula odwala athu yasiya. Anthu a impso aja akujomba kotsuka magazi chifukwa chosowa wowatenga kunyumba. Mayi woyang'anira za mayendedwe ndamuuza za iwe. Akuti ubwere Lachiwiri.”

“Wamuuza zotani?”

“Zoti uli ndi vani, uli ndi mapepala, ndipo kunyamula wodwala umakudziwa. Ndanama pati?”

“Sunaname. Koma Atu...”

“Usayambe.”

“Tidikire Loweruka lidutse kaye. Ankolo Hamilton akatenge yankho, kenako tione.”

“Akufuna munthu woyamba mwezi ukangolowa, ndipo si iwe wekha uli ndi vani mu Indiana muno. Chaka chatha unati tidikire inshuwalansi. Itabwera unati tidikire kuzizira kuthe. Loweruka likadutsa udzati tidikire chinkhoswe, kenako ukwati, kenako mwana ayambe sukulu.”

“Munthu uja anandipatsa jekete ndilibe kanthu.”

“Ndiye udzafera m'jeketemo?”

Atupele anayang'ana kunja, ndipo atayankhulanso anayankhula mwaulemu, ulemu uja umene Gray ankauopa kuposa kukalipa.

“A Gray, ndifunse nawo. Ine ndikukwatiwa ndi inu kapena ndi mashifiti a a Hamilton? Chifukwa ngati ndi mashifiti mundiuziretu ndikonzeke. Ndisiye ntchito yanga, ndisamukire ku South Bend, ndizikuonani mukamadutsa kudzasintha malaya.”

“Sizili choncho.”

“Zili bwanji?”

“Maofesi aja, Atu. Ndikangolowa Chizungu chimandithawa. Andifunsa, ndiyankha, iwo n'kuti ndibwereze. Ndikabwereza kachitatu ndimangoyang'ana nsapato zanga.”

“Ukayang'ane nsapatozo, koma ukalowe.”

Foni ya Atupele inalira. Anaiyang'ana n'kuipereka kwa Gray. Uthenga unachokera kwa Eugene, mwana wa mlongo wawo wa a Hamilton. Ndiye ankagawa mashifiti ku nyumba zija, ndipo galimoto yake inkanyezimira tsiku lililonse ngati ikukatenga mkwati. Analemba kuti: ‘Mlamu wanga wokongola, ndili m'tauni mwanumu. Achimwene atopa ndi ntchito, bwerani ndikudyetseni ine.’

Gray anawerenga n'kubweza foni.

“Basi?” anafunsa Atupele.

“Eugene ndi mmene alili.”

“Mwamuna mnzako akutekisita mkazi wako Lamlungu lililonse, iwe n'kuti ndi mmene alili? Olo kupsa mtima kongonamizira, Gray? Kungomenya chiwongolero kuti ndione?”

Gray anafufuza m'chifuwa mwake ngati munthu wofufuza makiyi m'thumba. Anapezamo kutopa kokha. Anaona kuti mtsikanayu akuyenera kupatsidwa kanthu, ndipo mkwiyo analibe.

“Lachiwiri nthawi yanji?” anafunsa.

* * *

Lachiwiri m'mawa anauza Eugene kuti akukachotsa dzino. Analowa msewu wa 31 kulowera kummwera pa galimoto yake yakale, minda ili pululu uku ndi uku, mapesi a chaka chatha atagona m'matope. Pa Kokomo anaima kuthira mafuta. Pa pampu ina panali mayi wa m'kwaya ya ku tchalitchi kwawo, ndipo anamubaibitsa akumwetulira mpaka m'makutu. Gray anabaibitsanso. Mmalawi akakuona pothira mafuta, South Bend yonse imamva usanatseke thanki.

Atafika ku chipatala kwa Atupele anakhala m'galimoto nthawi yaitali, pansi pa chinyumba choimikamo magalimoto, manja ali pa chiwongolero. Mantha sanali kumunjenjemeretsa monga amanenera anthu. Ankangomulemera, ngati wina wamukhalira pa miyendo. Anaganiza zobwerera. Kenako anaona kuti kubwerera nakonso ndi ulendo, ndipo khomo la ofesi linali pafupi kuposa South Bend. Anatuluka.

Mayi wa mayendedweyo anali wa magalasi, ndi kapu ya khofi wozizira pambali. Anafunsa dzina la kampani. “Tithandizane,” anatero Gray. Mayiyo anati abwereze. Anabwereza. Anati abwerezenso. Gray anayang'ana nsapato zake, kenako anatambasula dzanja, n'kutenga cholembera cha mayiyo, n'kulemba dzinalo pa kapepala. Mayiyo anayesa kuliwerenga, lilime linamukana, anaseka, ndipo zotsalazo zinayenda zokha. Anaona mapepala, anafunsa ngati angathe kumadzuka kusanache, n'kumugwira chanza. Ayambe Lolemba loyamba la mwezi.

Atupele anali kumudikira panja pa chitseko ali mu yunifomu.

“Ndiuze.”

“Akuti ndiyambe.”

Atupele anagwira pakamwa, misozi ikutsika, n'kumukumbatira mpaka baji yake inamubaya pachifuwa. “Bwana Gray! Mwini kampani! Ukumva bwanji?”

“Njala,” anatero Gray, ndipo sananame.

“Chitsiru iwe,” anatero Atupele akuseka, uku akupukuta maso. “Tiye ukadye.”

Podyerapo Atupele ndiye ankayankhula. Anali ataona kale nyumba ya lendi ku Lawrence, ya poimika vani kuseri. Makatani anasankha kale. Dzina lokha la kampani ndi limene silinamusangalatse.

“Tithandizane! Ngati gulu la amayi a banki m'khonde. Azungu azithyoka malilime.”

“Wathyoka kale mmodzi.”

“Waona? Ukayamba kuseketsa umaoneka bwino. Uzichita kawirikawiri.”

Foni ya Gray inanjenjemera pa tebulo. Anali Eugene. ‘Achimwene, mano masiku ano akuchotsera ku Indianapolis? Madokotala a kuno atha?’

Atupele anawerenga foni ili chozondoka. Kuseka kunatha.

“Kawauze wekha a Hamilton,” anatero. “Eugene asanathiremo tsabola wake. Akamva kwa iwe, ndiwe mwana amene wakula. Akamva kwa Eugene, ndiwe wakuba.”

“Nanga Loweruka?”

“Ndi mkulu wa mpingo, Gray. Sangasakanize ntchito ndi unkhoswe.”

Ananena choncho chifukwa anali asanawagwirirepo ntchito.

* * *

Lachinayi masana Gray anapita kunyumba kwa a Hamilton. Eugene anali panja, atatsamira galimoto yake, akutafuna chingamu.

“Tayasamulani, achimwene, tione pamene achotsa.”

“Ankolo alipo?”

“Alipo. Koma mwasalala! Mphepo ya ku Indy ikukuyanjani. Mlamu wanga ali bwanji? Sakundiyankha masiku ano.”

“Usiye kumutekisita.”

“Ee! Mwayamba kuyankhula? Dzino lija ndi limene limakutsekani pakamwa eti?” Eugene anaseka yekha. “Ine ndimangomumvera chisoni. Namwino wathunthu, wophunzira bwinobwino, kudikira munthu wonunkha mafuta opaka agogo a eni. Lowani, musaope, sindinawauze. Ndimafuna ndione ngati muli nawo mtima.”

A Hamilton anali pabalaza akumvera nkhani za kumudzi pa foni. Anazimitsa, n'kumulozera mpando, n'kumuthirira tiyi ndi dzanja lawo. Gray anakhala kunsonga kwa mpandowo, manja ali pa maondo.

“Ankolo, ndabwera ndi nkhani. Ndisanayambe ndithokoze pa zonse. Ine ndinafika kuno ndilibe...”

“Zimenezo tikuzidziwa. Nena.”

“Ndinatsegula kampani yonyamula odwala. Ndapeza ntchito ku Indianapolis, ndiyamba mwezi wa mawa. Ndabwera kudzatsanzika pa ntchito.”

Mawuwo anatuluka ngati akunena munthu wina amene wakhala kumbuyo kwake. Anadabwa kuti chinthu chimene anachiopa chaka chathunthu ndi chachifupi chonchi.

A Hamilton anatakasa tiyi nthawi yaitali, shuga atasungunuka kalekale.

“Unatsegula liti?”

“Chaka chatha.”

“Chaka chatha. Ndiye pamene unkagwada pa kapeti iyi kuti, Ankolo, mukandiyankhulire kwa eni mkazi, kampani inalipo kale.”

“Inali pa pepala chabe. Ndinkaopa kukuuzani.”

“Unkaopa. Ndipo ine ndinakakhala pamaso pa a Sosten n'kunena kuti mnyamatayu ndikumudziwa mkati ndi kunja, ali pa ntchito yokhazikika, sandibisira kanthu.” Anamwetulira. “Imwa tiyi asazizire.”

Gray anamwa.

“Wakula, mwana wanga. Ndi zimene timafuna ife makolo. Inenso ndinayamba ndi kanyumba kamodzi, ndinkakolopa ndekha. Pita ukayese. Ukagwa, si iwe woyamba.”

“Nanga za Loweruka, Ankolo?”

“Loweruka lalakwa chiyani? Ndinawauza a Sosten kuti ndibwera, ndipo ndipita. Ine sindisiya nkhani panjira.” Anaimirira, kusonyeza kuti zatha. “Makiyi a nyumba zija usiye patebulopo. Usavutike kumaliza mwezi, Eugene apeza wina. Upume. Mwini kampani amafunika mphamvu.”

Gray anamasula makiyi n'kuwasiya pafupi ndi kapu. Akanamukalipira, akanamutukwana n'kumulozera khomo, bwenzi atadziwa pamene waima. Koma anamuperekeza mpaka panja, dzanja lili paphewa, n'kumuuza kuti ayende bwino, msewu ukuterera.

* * *

Ali m'galimoto analembera Atupele.

‘Ndawauza.’

‘Ndiye???’

‘Sanakwiye. Akuti ndakula.’

Atupele anachedwa kuyankha. Timadontho tija tosonyeza kuti munthu akulemba tinkaoneka n'kuzimiririka, kuonekanso n'kuzimiririka.

‘Sanakwiye olo pang'ono?’

‘Anandipatsa tiyi.’

‘Chabwino. Mwina ndi Mulungu. Amayi aimba m'mawa. Avomera, koma akuti zonse zidzere mwa ankhoswe, zolowera pawindo safuna. Abusa nawonso akuti sadalitsa ukwati popanda ankhoswe mbali zonse ziwiri. Ndiye Loweruka likangodutsa tapuma.’

‘Ndibwera ndi vani.’

‘Sukuyenera kuoneka pakhomo, ukudziwa.’

‘Ndiima patali.’

‘Ndimakukonda, bwana wanga wanjala.’

Gray analemba kuti nayenso amamukonda. Lachisanu, koyamba chifikireni ku America, anadzuka alibe kopita. Anavala, anamanga nsapato, kenako anakhala kukhitchini n'kumayang'ana khoma. Foni sinalire. Anzake a ku shifiti, amene ankamuimbira tsiku ndi tsiku kuti awagwirire, onse anali zii. Nkhani inali itawafika kale.

* * *

Loweruka anachotsa lona ku Speedway n'kuyendetsa vani mpaka ku Lawrence. Anaiimika kumapeto kwa msewu wa a Sosten, pansi pa mtengo wopanda masamba, pamalo pooneka khomo. Tsiku lotere mwini nkhani salowa. Amamuyankhulira ena, iye n'kumva pambuyo pake ngati za munthu wina.

Galimoto yonyezimira ija inafika dzuwa litakwera. Ankayendetsa ndi Eugene, ndipo Gray sanadabwe, poti a Hamilton sakonda kuyendetsa ulendo wautali. A Hamilton anatsika n'kulowa m'nyumba okha. Eugene anatsala m'galimoto. Chimene Gray sanachimvetse n'chakuti munthu wongobweretsa amalume ake wavaliranji suti ya buluu ndi duwa pachifuwa.

Mauthenga a Atupele anayamba kubwera.

‘Alowa. Ndili kukhitchini ndi Anti Ida, akazi awo a amalume. Chitseko tasiya chotsegula pang'ono.’

‘Akupemphera.’

‘Akupempherabe. Nkhuku ipsa kawiri.’

Kenako mauthenga anasiya kubwera. Gray anayang'ana agologolo akuthamangitsana pa waya. Foni itanjenjemeranso munali dzina lake lokha.

‘Gray’

Anadikira.

‘A Hamilton akuti abwera kudzabweza mawu awo. Akuti anakuimira asakukudziwa. Unawabisira kampani chaka chathunthu ukudya m'nyumba mwawo, ndipo panopa ntchito ulibe, uli ndi vani ndi maloto basi. Akuti sangaike mwana wa eni m'manja mwa munthu amene iwo eni ake sakumukhulupirira.’

Gray anawerenga mpaka kumapeto. Anadikira kuti china chake chiphulike m'mutu mwake. Anangomva hita yotenthetsa m'vani ikupuma.

‘Amalume akuti chiyani?’ analemba.

‘Ali chete. Anti agwetsa mbale.’

‘Gray, a Hamilton akupitiriza. Akuti safuna kubwerera chimanjamanja poti mabanja awiriwa adziwana kale. Akuti ali ndi mnyamata wina, wamagazi awo, amene anamuona akubadwa. Akufunsira Eugene.’

Gray anakweza maso. Eugene anali atatsitsa galasi, chigongono chili panja, akuyang'ana vaniyo. Anamukwezera zala ziwiri ngati moni wa pamsewu.

Gray anazimitsa injini. Sanaganize kanthu. Miyendo inatsika yokha n'kuyamba kuyenda, ndipo iye anangoitsatira. Podutsa pa galimoto ija Eugene anasuzumira.

“Achimwene! Kulowera kuti? Eni nkhani timadikira panja.”

Gray anakwera masitepe n'kugogoda.

Anatsegula ndi a Sosten, bambo wamfupi wa imvi, atavala malaya a chitenje amene anawasungira tsikuli. Ankaonana ku maukwati ndi ku maliro, koma za Atupele anali asanayankhulanepo, monga ziyenera kukhalira. Anatuluka n'kukoka chitseko kumbuyo kwawo.

“Ndinu a Gray.”

“Ndine, Ankolo. Ndapota nanu, ndiloleni ndiyankhule. Zoti ndinabisa kampani ndi zoona, ndinkaopa. Koma ntchito ndili nayo, ndiyamba mwezi ukangolowa, vani ndi iyo apo. Wofuna Atupele ndine.”

A Sosten anayang'ana vaniyo, n'kuyang'ananso Gray. Nkhope yawo sinali yaukali. Inali ya munthu amene amuonongera tsiku.

“Mwabwera ndi ndani?”

“Ndekha.”

“Ndiye ine sindinamve kanthu. Mukudziwa inunso. Ndikamva za inu kuchokera pakamwa panu, mawa mukadzayambana ndi mwanayu ndidzaitana ndani? Inu nomwe? Munthu amene munamutuma wakukanani m'nyumba mwanga, kapu yanga ili m'manja. Ndimve iye kapena ndimve vani?”

“Ndipeza wina.”

“Pezani. Akhale Mmalawi, wamkulu, wapabanja, wokudziwani kuyambira kale. Akhale woti angathe kukhala moyang'anizana ndi a Hamilton n'kuwauza kuti pamenepa mwaonjeza. Mukamupeza mubwere naye, ndidzamumva. Koma mufulumire. Ine ndili ndi mlendo m'nyumba, ndipo wabwera ndi pempho latsopano.”

Analowa, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono, mwaulemu.

Gray anaima pa sitepe n'kutsegula foni. Anayamba ndi a Kenan, mkulu wa kwaya. Foni inalira mpaka inadula yokha, ndipo anakumbukira kuti a Kenan amagwira shifiti ya usiku kwa a Hamilton. A Lyson sanawayese n'komwe, akazi awo ndi mayi Hamilton ndi pachibale. Anaimbira a Edmond, amene anawanyamulirapo katundu posamuka, chipale chikugwa.

“Gray, mphwanga, ndamva,” anatero a Edmond iye asanamalize moni. “Ndamva zonse. Wachita bwino kuyamba zako, ine ndikukunyadira. Koma ndili ndi ana, mphwanga. Nyumba imene ndikukhalayi ukudziwa mwini wake. Usandiikemo. Tizikupempherera.”

Anadula.

Gray anatsika ndi chala mpaka mayina anatha, n'kukweranso. Zaka zonsezi ku Indiana, ndipo panalibe munthu wamkulu ngakhale mmodzi amene anamudziwira kwina kosakhala pakhomo pa a Hamilton. Anakhala pansi pa sitepe yonyowayo. Kuzizira kunalowa m'thalauza, iye osasuntha. Kumbuyo uko Eugene anali atatsegula nyimbo, akuimba nawo chapansipansi.

Foni inanjenjemera.

‘Eugene ndimukana, usakayike. Koma amayi aimba okha pa foni ya Anti. Wina anawaimbira dzulo, amva kale zonse. Akulira. Akuti ndikapitiriza ndi iwe ndisadzapite pa maliro awo.’

Asanayankhe unabwera wina.

‘Amalume akundiitana kuti ndilowe. Gray, ukadalipo?’

‘Ndili pakhomo,’ analemba.

Uthengawo unapita koma sunawerengedwe. Kuseri kwa chitseko anamva mpando ukukokedwa, kenako mawu a a Hamilton, ofatsa ngati masiku onse.

“Lowa, mama, usaope. Ife tabwera ndi mtendere.”